Thunthu la Nthochi

Ine ndinkakhulupirira kuti munthu akamagwira ntchito atakhala pampando, malaya osanyowa thukuta, ameneyo akuba malipiro. Musandiseke kwambiri, sukulu ndinalekera pomwe aphunzitsi anayamba kufunsa mafunso amwano.

Mwana wanga wamwamuna anali msilikali. Akabwera kuno ku Palabana patchuthi ndinkamuyendetsa pamsika ngati ng'ombe ya pachionetsero, ine kumbuyo chifuwa chili nganganga ngati woguba ndine. Ku usilikaliko anamuphunzitsa kuyendetsa kagalimoto kopanda munthu kamene kamatsogola kukafufuza mabomba. Chaka china anangovula yunifomu, napita kukaphunzira kuyendetsa makina onga omwewo, koma olowa pansi pa madzi. Anayamba ntchito yoyendera makoma a madamu ndi migodi yodzala madzi. Nditamufunsa ngati amamira nawo, anati ayi, iye amakhala kumtunda, maso pa tivi, zala pa timabatani. Basi, ndinamutcha kaputeni wa zidole. Ndinkamutcha choncho pagulu, ngakhale pakhomo la tchalitchi. Iye ankangomwetulira, koma kubwera kunyumba anachepetsa.

Wondithandiza kumuseka anali mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga. Ife awiri tinanyozana moyo wonse. Iye ankati ndinakwatira ndi jekete lobwereka, ine ndinkati nsomba zake amagula pamsika n'kuzinyowetsa. Ankawedza padamu la famu ina yoyandikana nafe, atakhala pachubu cha thirakitala. M'mawa wina wa nyengo yozizira chubu chija chinapezeka chikuyandama chokha, chipewa chake chili m'mabango.

Anyamata odziwa kusambira anamira mpaka milomo kuchita bii. Ena anabwera ndi bwato ndi ngowe, anakoka zitsa zokhazokha. Madzi akazizira amaumira, sabweza munthu msanga. Masiku anapita, anthu ali pamaliro opanda mtembo. Azimayi anaimba mpaka mawu kusasa, kenako ankangokhala. Mkazi wanga sankalowa m'nyumba ya maliro. Ankakhala m'mphepete mwa damu kuyambira m'mawa, osadya, osalira. Ndinayesa kumuseketsa, ndinati mlongo wakoyu ngakhale pamaliro ake akuchedwa monga mwa chizolowezi. Anandiyang'ana ngati munthu wachilendo wofunsa njira. Apo ndinachita mantha.

Akuluakulu a banja anagamula kuti tichite monga timachitira munthu akasowa: kuika thunthu la nthochi m'bokosi, kulikwirira, anthu abwerere kuminda kwawo. Anatuma ine kukadula. Ndinadula nthochi ya mkazi wanga yemweyo, kuseli kwa nyumba, ndipo poyeza kutalika ndinagona pambali pake, poti ine ndi mlamu tinali amsinkhu umodzi. Ndikudzuka pansipo ndinaona mkazi wanga ataima pakona.

"Mukaika chimenecho, muniike pamodzi nacho," anatero. "Ine sinilira nthochi."

Ndinatenga foni. Mwana anali kutali, kumigodi. Za malume ake anali atamva, koma palibe anamupempha kanthu, poti tonse tinkadziwa kuti iye ndi wa zidole, ndipo amene anaphunzitsa anthu zimenezo ndine. Foni italowa ndinapeza kuti dzina lenileni la chinthucho sindikulidziwa.

"Bwera nacho chija," ndinatero.

Anati apempha kwa mabwana ake. Ndinapita kwa akuluakulu kukagwada, mawondo okalambawa, kuti adikire. Anandipatsa mpaka tsiku limene mwanayo afike, dzuwa likalowa basi, aika thunthu.

Mwana anafika nacho m'mawa. Chinali chachikasu, kukula kwake ngati kireti ya zakumwa, ndi nyali ziwiri ndi kadzanja kamodzi konga ka nkhanu. Kumbuyo chinali ndi chingwe chachitali chokulunga pagudumu. Chingwecho anandipatsa ine. Anati akanena kuti lekererani ndilekerere, akanena kuti tengani nditenge pang'onopang'ono, koma ndisakoke.

Chinthu chinamira. Ndinasuzumira pa tivi kuyembekeza kuona nsomba ndi miyala. Munali matope okhaokha, ngati kuyang'ana m'chikho cha munkoyo, thobwa lathu la kuno. Mwana ankachiyendetsa mizeremizere monga polima ndi ng'ombe, kupita, kubwera. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka. Anthu amene anabwera kudzaonerera anayamba kuchoka. Kumanda anyamata anali atamaliza kukumba, ndipo ndinamva wina akufunsa za misomali ya bokosi. Mkazi wanga sanayang'ane tivi ngakhale kamodzi, maso ake anali pamene chingwe chinkalowera m'madzi. Mphepo inkaluma, ine ndili m'jekete, koma malaya a mwana wanga anali atamatirira kumsana, thukuta likudontha pachibwano.

Mithunzi itatalika, m'matope muja munaoneka jombo. Ndinaidziwa ndi chigamba cha chubu cha njinga chimene ndinkamuseka nacho. Mlamu anali atakodwa mumpanda wakale wa waya waminga umene unamira pomwe ankatseka damu.

Nthawi yomweyo chingwe chinauma m'manja mwanga. Nacho chinali chitakola pamtengo wa mpandawo. Manja awa akoka zidebe m'zitsime, akoka ana a ng'ombe pobadwa, sadziwa china. Ndinaponda chidendene pansi.

"Atate, musakoke. Mukakoka titaya onse awiri. Lekererani."

Mlamu wanga anali kumapeto kwa chingwecho, ndipo mwana akuti ndilekerere. Ndinatsegula zala chimodzichimodzi. Chinthu chija chinabwerera chafutambuyo, n'kuzungulira mtengo, chingwe chinafewa. Mwana anachikweza, anachipatsa ngowe ya chingwe china, chinatsikanso n'kukakoletsa palamba wa mlamu. Apo ndiye anyamata anakoka.

Atamugoneka paudzu ndinati ndimunene kuti alamu, nsomba zili kuti, koma ndinangogwada pambali pake. Mkazi wanga ndiye analira, kulira kwake koyamba, kunamveka mpaka kumsewu. Mwana anayesa kukulunga chingwe, koma chinkangopiringizika. Ndinamukulungira, ndipo ndinamufunsa dzina lenileni la chinthucho. Anandiuza. Lilime langa linakana, koma ndinayesa.

Usiku umenewo mkazi wanga anabwera kuchokera kunyumba ya maliro kudzatenga bulangete. Anaima pakhomo, nayang'ana kuseli kumene thunthu lija linagona.

"Mawa tikachoka kumanda mukaliduledule, ng'ombe zidye," anatero. "Ndipo mwana uja mumupatse mpando wanu, watopa."