Esinati Sanaponye Dothi

Ndinadzuka kusanache, nditagona chokhala pa umodzi wa mipando imene tinatulutsa m'nyumba. Pamwamba pathu panali lona ya thenti imene tinabwereka ku mafakitale, ndipo inali itatenga madzi a mvula pakati, ikudontha pang'onopang'ono. Moto unali utatsala makala okha. Amuna ena anali akadali mtulo, atafunda majasi mpaka kumutu. M'nyumba amayi a mumpingo anali atayambanso kuimba, koma mawu anali atasasa, chifukwa linali tsiku lachitatu la maliro.

Amene tinkaika tsiku limenelo anali akulu anga, a Yotamu. Ndiwo ananditenga kwathu ku Katete n'kundipezera ntchito ya ulonda, ndipo ndinakhala m'nyumba mwawo muno mu komboni ya George zaka zinayi ndisanakwatire. Anali mkulu wa mpingo, munthu wosamwa, wosatukwana, wosabweza mawu akanena. Anthu a m'dera lathu ankawaopa kuposa mmene ankaopera tcheyamani wa chipani wa sekishoni yathu.

Chinali chaka chija ufa tinkagula ndi makuponi. Komabe tcheyamani anayenda khomo ndi khomo, ndipo nyumba iliyonse inatapa kambale ka ufa. Kutangoyera, amayi anaika madilamu odula pakati pa mafuwa kuseri kwa nyumba. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unkangoyenda pansi, ana akutsokomola. Ena ankadula kabichi, ena akusankha kapenta. Anthu anayamba kufika kuchokera ku Matero, ku Kanyama, ena mpaka ku Chawama, nsapato zili matope okhaokha. Akazi ankayamba kulira akafika pa ngodya ya msewu, n'kulowa nako m'nyumba. Amuna ankagwirana nafe chanza mwakachetechete n'kufunafuna pokhala.

Dzuwa lisanakwere, kunabwera mkazi wina amene sanalire pa ngodya. Anavala chitenje chakuda ndi mpango woyera, ndipo kumbuyo kwake kunali kamtsikana ka zaka ngati khumi. Anadutsa pafupi ndi thenti, osalowa m'nyumba, n'kukakhala pansi pafupi ndi mulu wa nkhuni. Amayi amene ankadula kabichi anasiya mipeni. Uyu anali Esinati, mwana woyamba wa akulu anga.

Esinati anatenga pathupi ali pa Fomu 3. Mwini pathupipo anali mmodzi wa anyamata aja a kummwera amene ankamenyera ufulu wa dziko lawo ali kuno. Nkhondo yawo itatha anabwerera kwawo, ndipo sanamvekenso. Mpingo unaimitsa akulu anga pa ukulu chaka chathunthu chifukwa cholephera kusunga nyumba yawo. Manyazi amenewo sanawameze. Lamulungu lina anaimirira pamaso pa anthu onse n'kunena kuti alibe mwana dzina lake Esinati, ndipo akadzafa asadzaone nkhope yawo kapena kuponya dothi pamanda awo. Kuyambira tsiku limenelo alamu anga, amene tonse tinkawaitana kuti Amake Esinati, anakhala Amake Jemusi, potengera dzina la mwana wotsatira.

Ine ndinkadziwa chinthu chimene ena pamaliropo sankadziwa. Akulu anga anagona m'chipatala chachikulu milungu isanu, mbali imodzi itafa, maso osaona. Tsiku lina ndikuchokera ku ntchito m'mamawa, ndinapitirira kukawaona nthawi yoona odwala isanakwane. Ndinapeza mkazi akuwapukuta msana ndi kansalu, atawasintha kale zofunda zimene anaipitsira. Atatembenuka ndinaona kuti ndi Esinati. Anaika chala pakamwa. Bambo ake ankati, "Zikomo anesi, Mulungu akudalitseni," iye osayankha. Panja anandiuza kuti amagwira ntchito ya m'nyumba ku mayadi, amakhala ku Bauleni, ndipo amabwera tsiku lililonse asanapite kwa abwana ake. Anandipempha kuti ndisauze munthu, poopa kuti bambo ake akadziwa adzakana kusambitsidwa. Ndinasunga.

Tsono m'mawa wa maliro uja akuluakulu anaitanizana kuseri, pansi pa mtengo wa mango. Panali akulu a mpingo atatu, atsibweni athu amene anabwera pa basi kuchokera kumudzi, ndi ine. Mkulu wina anati iye analipo tsiku limene malemu analumbira, ndipo mpingo wonse unamva. Atsibweni anati mawu a munthu wakufa sadumphidwa, ukawadumpha amabwera kudzatenga ana. Wina anati Mulungu ndi wa dongosolo. Onse anayang'ana ine, chifukwa ndine ndinatsala m'malo mwa bambo.

Apa ndi pamene ndikanayankhula. Amene tinkawabisirawo anali atapita, panalibenso chobisira. Koma mwezi wotsatira mpingo unali kusankha madikoni, ndipo dzina langa linali litatchulidwa. Ndinkaopanso maso a atsibweni. Ndinangoti, "Ndamva."

Ndinapita pa mulu wa nkhuni. Esinati anagwada pondiona.

"Batate bang'ono," anatero.

"Akuluakulu akuti ubwerere. Ukudziwa zimene ananena atate ako."

"Niziba. Sinifuna vinthu vilivonse, olo chakudya sinizagwila. Nifuna chabe kuona nkhope, na uyu aoneko ambuye bake. Sanabaonepo."

"Sizitheka."

Anakweza maso n'kundiyang'ana. "Imwe munaniona kuja," anatero motsitsa. "Simunabauze?"

Ndinayang'ana kumbali n'kunena kuti galimoto ya ku mochale ikundidikira. Sanachoke. Amayi ena anasuntha mabeseni awo, pakati pa iye ndi iwo panatsala malo oti ng'ombe n'kugonapo.

Ku mochale tinapita amuna asanu ndi mmodzi. Tinawasambitsa, tinawaveka suti yawo ya ku tchalitchi ndi tayi, n'kuwaika m'bokosi limene anakhoma mmisiri wa mu mpingo mwathu. Pobwerera mvula inayambanso, ya mawawa, yosaleka.

Tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Amayi a chigwirizano anavala mabulauzi awo oyera, atakhala mizere inayi kutsogolo. Abusa analalikira za kukondana. Anati chizindikiro cha Mkhristu si yunifomu kapena khadi la ubatizo, koma mmene amachitira ndi mnzake. Anati malemu anali chitsanzo: ndiwo anasenza njerwa za tchalitchi chino pamutu, ndiwo ankayendera odwala, ndiwo ankayanjanitsa mabanja. Zonsezo zinali zoona. Anthu ankavomera ndi mitu, ena akupukuta misozi. Ine ndinkaona Esinati ataima panja pa khomo, mvula ikumugwera, atamufunditsa mwana uja nsonga ya chitenje.

Itakwana nthawi yoona nkhope, anatsegula bokosi pakhomo, anthu n'kupanga mzere. Anadutsa a sekishoni, anadutsa a ku ntchito kwa malemu, anadutsa ngakhale aja omwa kachasu amene malemu ankawadzudzula pamsewu. Esinati analowa mumzere kumapeto, atagwira mwana dzanja. Atatsala mapazi ochepa, amayi awiri a chigwirizano anatuluka pamzere wawo n'kuima patsogolo pake, atagwirana mikono. Sanamukankhe, sanamunene. Ankaimba ndithu, akumuyang'ana pamphumi. Iye anayesa kusuzumira pamwamba pa mapewa awo, koma anali wamfupi. Mkulu wina anakodola ndi mutu, ndipo mmisiri anatseka chivundikiro n'kuyamba kumanga zomangira. Alamu anga anali pomwepo, atagwiridwa ndi azichemwali awo mbali zonse. Anaweramitsa mutu.

Panali malole awiri ndi basi imodzi ya ku ntchito kwa malemu. Bokosi linakwera lole yoyamba pamodzi ndi abale, ndipo ine ndinakhala kumapeto, pa chitseko cha kumbuyo. Anthu ankakwera mopanikizana, achinyamata akukoka amayi okalamba. Injini italira, Esinati anafika akuthamanga, anakweza mwana uja kuti wina amulandire. Palibe anatambasula dzanja. Anamutsitsa, n'kugwira chitseko ndi dzanja lake lamanja, pafupi ndi bondo langa.

"Batate, napapata," anachonderera. "Nizakhala kutali. Sinizafika pafupi na manda."

Atsibweni anali kumbuyo kwanga. Anangotsokomola. Ndinagwira zala za Esinati n'kuzichotsa pa chitsulo chimodzichimodzi. Zinali zozizira, zokhakhala ndi sopo wa kwa abwana. Sanalimbane nane. Lole inanyamuka, amayi anayambitsa nyimbo, ndipo ine ndinaimba nawo.

Ku manda a Chingwere madzi anali atalowa m'dzenje, anyamata anayamba akapa ndi zitini. Pafupi nafe panali maliro ena atatu, nyimbo zikulowana. Titatsitsa bokosi, mlembi wa mpingo anawerenga mbiri ya malemu, nati asiya mkazi ndi ana atatu. Anaitana amasiye kuti aponye dothi, kenaka ana, mmodzimmodzi ndi maina awo, kenaka ife abale.

Pamaliro a ife a kummawa, anansi athu Achibemba amakhala ndi ufulu wotiseka ndi kutipaka ufa kumaso, ndipo sitiloledwa kukwiya. Ndiwo chimbuya chathu. Mayi wina wonenepa wogulitsa makala pamsika, amene anakhala akuseketsa anthu masiku onse atatu, anabwera kwa ine ndi ufa m'manja. Anandipaka pamphumi ndi m'masaya n'kukuwa kuti aliyense amve:

"Imwe bakumawa! Mbeba zasila ku Chipata, manje mwayamba kudya bana banu? Ati bana batatu! Ine nenze kupenda bali folo!"

Anthu anaseka, chifukwa pa chimbuya umayenera kuseka. Ngakhale abusa anamwetulira. Koma mayiyo sankaseka. Anandipaka kachiwiri mwamphamvu, ufa unalowa m'maso, n'kuchoka osatembenuka.

Tinaunda manda, tinaika nkhata za maluwa, tcheyamani anathokoza anthu m'dzina la chipani, tinakweranso malole. Titayenda pang'ono kuchoka pa chipata cha manda, tinakumana naye. Anali akubwera wapansi m'mbali mwa msewu, nsapato zili m'manja, matope mpaka m'mawondo, mwana uja atamubereka ngakhale anali wamkulu. Anayenda ulendo wonse kuchokera ku tchalitchi. Dalaivala sanachepetse liwiro, ndipo madzi a m'chithaphwi anawathira onse awiri. Esinati sanakweze maso. Anapitirira kulowera kumanda, kumene kunali milu yatsopano yambirimbiri yofanana, yopanda maina, ndipo kunalibe womulozera. Aka kanali komaliza kumuona. Patapita milungu iwiri ndinakafunsa ku Bauleni, nyumba ndi nyumba, koma anthu anati mayi wotero anasamuka. Udikoni ndinaupeza.

Kunyumba tinasamba m'manja pa beseni la pachipata, anthu anadya m'magulumagulu n'kuyamba kubalalika. Pofika madzulo lona inali itapindidwa, madilamu atabwezedwa kwa eni ake, mipando italowa m'nyumba. Pabwalo panatsala phulusa lonyowa ndi mapazi a anthu m'matope. Atsibweni anapita kukagona kwa mnansi. Ana anali kuchipinda.

Ndinalowa kukatsazika. Alamu anga anali pa mphasa pakona, miyendo atatambasula, azichemwali awo awiri ali pambali. Nyali inali isanayatsidwe. Ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko.

"Alamu," anatero kenaka, "kamwana kaja dzina lake ndani?"

Ndinati sindidziwa. Sindinafunse.

"Nanga poti anthu amati amakhala ku Bauleni, ndi nyumba iti? Kapena ndi kwina?"

Azichemwali awo anayang'anana. Panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa.

Pamenepo alamu anga anayamba kulira. Sikunali kulira kwa masiku atatu aja, kokhala ndi mawu ake ndi nyimbo yake. Kunali kotsika, kochokera m'mimba, ndipo dzina limene ankaitana silinali la amuna awo. Analitchula kawiri, katatu, mokweza pang'ono nthawi iliyonse. Mchemwali wawo wamkulu anawagwira pakamwa ndi chikhatho.

"Chete, iwe," anatero. "Maliro atha. Anthu angamve."

Alamu anga anaumeza kulira kuja. Ndinamva madzi akudontha kuchokera pa malata kugwera m'chidebe panja, ndi wailesi ya nyumba yachitatu ikuwerenga nkhani. Ndinadzuka, ndinatseka chitseko bwinobwino kuti chisalire, n'kupita kwathu.