Magazi a Bestone

A Bestone Saulosi anafika ku Luwawa kuchokera ku Ntcheu ndi chikwama chimodzi komanso pakamwa. Ntchito yawo inali yocheka matabwa a paini, koma imene ankaidziwa bwino inali kudzitama. Atakwatira Emmie wa ku Champhira analowola ndi ng'ombe, monga achitira kuno, ndiye anthu sanapumenso. Kwawo mwana ndi wa amalume, kuno ndi wa bambo. Pa bawo, pamaliro, ngakhale m'basi ya ku Jenda, nkhani inali yomweyo: mwana wawo Taonga ndi magazi awo okhaokha, Emmie ndi thumba chabe.

Ali abambo amphamvu ndithu, anayamba kubuula ndi m'chiuno, kukodza magazi ndi timiyala. Tsiku lina kathabwa kopepuka kanawagunda, mkono n'kuthyoka ngati phesi. Bambo awo anafa atapindika msana, akulira ululu womwewo. Mkulu wawo Wilkins chimodzimodzi. Koma inu mukuganiza kuti a Bestone anakumbuka? Iwo anati alamu awo a ku Champhira awaponyera miyala chifukwa cha kaduka. Sing'anga wina anawatema mphini, n'kuwatulutsa timiyala ta mumsewu, iwo n'kuthokoza. Munthu wamkulu, ndevu pepeya, zamanyazi.

Kenako Taonga, ali kusekondale, anayamba kudzipinda ndi ululu uja. A Bestone analetsa zakuchipatala. Anati ufiti wakuchikazi wafika pa mwana, choncho Emmie alongedze azipita kwawo, mwana atsale akatemedwe mphini. M'mawa Emmie anakwera ndi mwanayo lole ya matabwa kupita kuchipatala ku boma, ndipo a Bestone anawatsatira, mtima uli m'mwamba, kuti akalande magazi awo.

Anapeza namwino Mavis akufotokoza kuti impso za Taonga zimataya mchere womanga mafupa. Mcherewo umaundana n'kukhala miyala, mafupa n'kumafooka munthu asanakalambe. Anati matendawa amayenda m'magazi, ndipo akayamba msanga mankhwala ndi kumwa madzi ambiri, mwana atha kupulumuka. Atafunsa ngati kubanja kuli wina wodwala chotere, a Bestone anati kulibe, uku atabisa mkono wokhota uja kumbuyo.

Emmie anawatchula mmodzimmodzi: apongozi ake, alamu ake a Wilkins, ndi amene aima apawa. Anawonjeza kuti abale ake a ku Champhira sanapondeko ku Ntcheu, ndiye enawo anawaponyera miyala ndani?

A Bestone anayang'ana mkono wawo wokhota uja.

"Yewo chomene, bambo a Taonga," anathokoza Emmie m'Chitumbuka cha kwawo, mosakweza mawu. "Paja munalowola. Ine ndine thumba, magazi ndi anu okhaokha. Mbwenu, ndiye miyalayi musandipatse ine."

Anagwira mwana wake dzanja n'kulowa naye m'wodi. A Bestone anabwerera ku Luwawa okha, pamwamba pa lole yopanda matabwa.