Kampopi ka a Mbewe

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene watisunganso sabata ino mu Joni muno. Ndimuthokozenso chifukwa Loweruka lapitali anandiphunzitsa kanthu ndili chogwada pa simenti, beseni lili m'manja.

Mlongo wanga Esinati amakhala ku Marlboro. Ntchito yake ndi yolumikiza mavidiyo a maukwati ndi maliro a Amalawi kuno, kuti abale kumudzi aonere nawo. Kompyuta yake ndi yodabwitsa. Mbali imodzi ndi galasi, ndipo m'kati mwake mumayenda madzi m'timapaipi, pampu ikuwakankha, kuti makinawo asatenthe. Ine amene ndinakula ndikudziwa kuti madzi ndi magetsi samwerana madzi, ndimangoiyang'ana ndili chapatali.

Anamupangira kompyutayo ndi a Mbewe, bambo a ku Ntcheu amene anayamba ngati pulambala m'nyumba za ku Sandton. Chaka chilichonse amabwera kudzasintha madziwo, chifukwa akakhalitsa amada, makina nkumazima okha ntchito ili pakati. Kuwasintha kwake si masewera. Umapendeketsa bokosi lonse, nkuzula paipi, uku ukupemphera kuti dontho lisagwere pamene pamadutsa magetsi.

Tsono kumapeto kwa mwezi uno a Mbewe akubwerera kumudzi, kukakhazikika. Esinati mtima unali m'mwamba. Kompyutayo ndiyo khasu lake, ndipo madzi anali atayamba kale kuoneka ngati otsukira mpunga. Akapita a Mbewe, adzaikhudza ndani?

Loweruka Esinati anandiitana. "Achimwene, bwerani mudzagwire beseni."

A Mbewe anafika ndi kachikwama kakang'ono. Anazimitsa makina, nkuzula waya kukhoma, nkuyala matawulo. Tinakhuthula madzi akalewo mwa njira yovuta ija. Kenako anatulutsa kachitsulo kokwana m'chikhatho, kokhala ndi kachogwirira. Anati dzina lake ndi valavu, koma tingokatcha kampopi.

"Mukaika pati, bambo?" anafunsa Esinati. "Pamwambapa pakhala bwino, kazioneka pagalasi."

"Hayibo, mayi! Madzi munawaona akukwera phiri? Kampopi kotayira malo ake ndi pansi penipeni. Mukakakweza, nsenga zonse zitsalira m'munsi."

Anagwada, bambo aimvi, tsaya lili pafupi ndi simenti, kufunafuna malo otsikitsitsa a paipi. Anawapeza pansi pa pampu. Anadula paipiyo, nkuikapo cholumikizira cha njira zitatu, njira yachitatuyo nkumangapo kampopi. Kachiwiri anakaika kunsi kwa rediyeta yoziziritsira madziwo, pamene madzi ena amakonda kubisala. Anathira madzi atsopano, nkuzinga timapepala tofewa paliponse pamene alumikiza, nkuyendetsa pampu yokha. Tinadikira. Timapepala tonse tinakhala touma.

Ine ndimati ntchito yatha. Koma iwo anapukuta m'manja nkukhala pampando.

"Tsopano, mayi, tayani madziwo."

"Amene mwangothirawa?"

"Omwewo. Ine kulibe, ndili ku Ntcheu, ndikukumba mbatata. Foni yanga ilibe netiweki."

Esinati anandiyang'ana. Ndinasendeza beseni. Anazimitsa, nkuzula waya, nkugwada. Analumikiza kapaipi kopita m'beseni, nkutembenuza kachogwirira kaja. Kunatuluka madontho atatu, basi.

"Eish, ndaononga!" anatero, misozi ili pafupi.

"Simunaononge kanthu. Botolo lotseka pakamwa mukaliboola kunsi, madzi amatuluka bwanji?"

Esinati anaimirira, nkumasula kachitsekero ka pamwamba pa thanki yosungira madziwo kuti mpweya ulowe. Pomwepo madzi anayenda, waaa, kulowa m'beseni langa, osagwera pena paliponse. Esinati anaseka ngati mwana, nkuthiranso ena yekha, a Mbewe manja ali m'matumba.

Tikumwa tiyi ndinawafunsa. "Bambo Mbewe, kachitsulo kabwino chonchi, bwanji simunakaike tsiku lomwe munapanga makinawa?"

Anaika kapu yawo pansi.

"Ndinkakasiya dala," anatero. "Pulambala sangaiwale mpopi wotayira. Koma ndinkati ndikakaika, anthu sadzandiitananso. Kuno ku Joni munthu wosaitanidwa ndi wakufa. Tsono mwezi watha ndikulongedza katundu, mtima unanditsutsa. Ndinati, Mbewe, ukupita ndi makiyi a nyumba za eni. Ndiye ndikuyendera onse amene ndinawapangira makina. Mawa tikaweruka kutchalitchi ndili ku Zandspruit."

Abale anga, mawu amenewo sanandichoke.

Sindikuti a Mbewe anachita bwino zaka zonsezo. Esinati anavutika mtima popanda chifukwa, ndipo iwo eni akudziwa. Koma ndi angati mwa ife amene angakwere matakisi awiri, mawondo akuwawa, kukakonza cholakwa chimene palibe anachiona? Akanangokwera basi ya kumudzi, tonse tikanawakumbukira ngati mmisiri wopanda womulowa m'malo. Anasankha kuulula, nkudzichotsa okha pampando umene anadzipangira.

Nanga ife?

Timadziwana. Mayi wogwira ntchito m'nyumba akabweretsa m'bale woti amugwirire ntchito pa tchuthi, samuuza zonse za makina ochapira, kuopa kuti abwana angakonde watsopanoyo. Mlonda sauza mnzake kiyi imene imafuna kugwedeza pang'ono kuti itsegule. Ine ndemwe, kumpingo kwathu, ndakhala zaka ndikulumikiza ndekha mawaya a zokuzira mawu. Ndikachedwa, mapemphero amadikira. Ndinene zoona pamaso pa Mulungu: ndikalowa nkumva anthu akuti "afika, afika," mumtima mumakoma.

Mantha ake ndimawamvetsa. M'dziko la eni, luso lako ndilo chitupa chako, ndipo umalifumbata. Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Tonsefe tsiku lina tidzachoka mu Joni, ena pa basi, ena m'bokosi. Luso limene tinapatsidwa mwachisomo nkulikwirira, tidzayankha chiyani kwa Mwini wake? Akulu anati kupatsa nkuika. Zimene a Mbewe asiya m'manja mwa Esinati sizidzadyedwa ndi njenjete.

Ndipo ndikaganiza za kampopi kaja, ndimaona kuti kanalalikira bwino kuposa ine. Zonyansa zimatulukira pansi penipeni, pamene munthu safika osagwada. Komanso ngakhale utagwada, sizituluka ngati kumwamba kuli kotseka. A Mbewe anagwada kawiri tsiku lija, koyamba pa simenti, kachiwiri pa tiyi.

Lachitatu Esinati anandiimbira foni. Anali atamaliza vidiyo ya maliro a bambo ena a ku Thyolo, makina osazima ngakhale kamodzi, ndipo anamfedwa kumudzi aonera. Wamata kapepala pagalasi lija, kolemba ndi dzanja lake: "Zimitsa. Zula waya. Tsegula kumwamba. Kenako kunsi."

"Chaka chamawa beseni mudzagwirabe ndinu, achimwene," anatero, "koma mmisiri ndine."

Lamulungu likubwerali ndapempha amayi awiri a kwaya kuti tifike msanga. Ndikawaonetsa waya uliwonse kumene umalowa, kuphatikizapo uja wofiira amene ndakhala ndikunamizira kuti ndi wovuta.

Inu, kampopi kanu munakasiya dala pati?

Ambuye awatsogolere a Mbewe pamsewu wautali wa ku Ntcheu, akawapeze abale ali moyo. Ndipo inu nonse owerenga, Mulungu adalitse ntchito za manja anu, akuchotsereni mantha a mawa, ndi kukupatsani mtima wofumbatula, kuti pamene mudzachokepo madzi adzapitirire kuyenda oyera. Ameni.