Tsiku limene fodya anafewa

Lachinayi, sabata yoyamba ya Meyi, 1995. Ndakhala kuseri kwa nyumba ya azakhali, ndipo ndatopa kukhula m'manja ndi mchenga. Utomoni wa fodya sukuchoka. Cholembera chikumata ku zala, pepala ladetsedwa kale, koma ndilemba basi. Ndikapanda kulemba ndikuwa, ndipo ine kukuwa sindidziwa.

Ntchito ino ndinaipeza chifukwa cha njala. Mu Januwale nkhokwe yathu ku Chezi inatha, amayi nati, "Agi, pita kwa azakhali ako ku esiteti, kumeneko kuli phoso." Azakhali ndi amuna awo ndi matenanti. Amalima fodya m'munda wa bwana, bwanayo n'kumawapatsa chimanga chodya, chimene timati phoso, kufikira fodya atagulitsidwa. Ndinavomera msanga poti esitetiyo ili pafupi ndi sukulu kuposa kwathu.

Azakhali anakandionetsa kwa akapitawo, a Nkhoma. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kopepuka aka. Kazikwera m'chigafa."

"Komatu m'mawa kamapita kusukulu, akapitawo."

"Yaulere ija? Musavutike, mayi, zimatha zokha zimenezo."



Sukulu ndinaisiya kwa zaka ziwiri bambo atamwalira. Ndinabwererako boma latsopano litachotsa fizi, n'kulowa Sitandade 8 ndili wamtali kuposa anzanga ambiri. Pa Misa ya Chaka Chatsopano ine ndi mnzanga Rozina tinagwada benchi imodzi n'kulonjeza kuti sitijomba mpaka mayeso a boma, tikapite ku sekondale. Rozina anauza mudzi wonse. Pofika Febuluwale anali akugulitsa mandasi ku Mponela, ndipo anthu amamuseka mpaka lero. Ine sindinauze munthu. Ndinkaopa kusekedwa, ndiye ndinabisa lonjezo langa mumtima, n'kumaganiza kuti m'menemo palibe angalikhudze.

Miyezi yoyamba zinkayenda. Ndikaweruka ndinkavula yunifomu n'kukhala pa chiguduli kusoka fodya. Singano yake ndi sipoko ya njinga yonola, chingwe chake ndi mlaza. Umaboola tsamba pa msempha waukulu, pafupi ndi tsinde, masamba n'kuwafulatiritsa awiriawiri kuti mphepo izidutsa. Ukawapanikiza amaola. Ukatha umakoleka pa mikangala, timitengo topingasa m'chigafa, chisakasa chachitali chofolera ndi udzu. Mikangala ya pamwamba ndi yopyapyala, munthu wamkulu akaponda imathyoka, n'chifukwa chake ankakwezako ine. Masamba aawisi onyowa amaledzeretsa. Masiku ena ndinkasanza, mutu ukuzungulira, koma m'mawa ndinkapita kusukulu ndithu. Sindinajombe.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti fodya akauma ntchito imasamukira kum'mawa. Tsamba louma silikhudzidwa dzuwa likuswa mtengo, limafumbutuka ngati chipapati chakale. Limatsitsidwa pokhapokha mpweya uli ndi chinyezi, litafewa ngati nsalu. Pamenepo mpamene umalisankha, lofiirira pakepake, lotuwa pakepake, lobiriwira ndi long'ambika kumbali, n'kumanga timitolo kuti amuna akadinde mabelo ndi jeke. Masabata awiri apitawa kunali gwa, mphepo yokhayokha. Fodya anali lende m'chigafa, a Nkhoma akungotukwana mitambo.

Lero linali tsiku la mayeso oyeserera, amene aphunzitsi amaonera amene ali wokonzeka kulemba a boma. Masamu anali oyamba. Ndinadzuka, ndinasamba, ndinavala yunifomu. Nditatuluka panja ndinapeza nkhungu yatsika m'mapiri a Ntchisi, yaphimba ngakhale mtengo wa mango wa pakhomo. Kenaka chitsulo choitanira antchito ku esiteti chinalira.

A Nkhoma anandipeza pa njira, cholembera chili m'manja.

"Iwe, ukupita kuti wavala bwino chonchi? Fodya wafewa. Kwera."

"Ndili ndi mayeso," ndinatero, koma mawu anatuluka ang'onoang'ono, mwina sanamve n'komwe.

"Wati chiyani? Chibwerereni matipate aliyense ali ndi ufulu, ngakhale nkhuku. Nkhungu iyi idikira ufulu wako?"

Anthu anaseka. Azakhali sanaseke. Anandikokera pambali n'kundigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Mwana wa achimwene anga, dzuwa likatuluka basi. Akatiimitsira phoso tidya chiyani? Ana angawa ndiwauza chiyani? Kanthawi kochepa chabe."

Ndinakwera ndi yunifomu yomwe. Ndinaponda mikangala opanda nsapato, kumasula zingwe n'kumapatsira amene anali pansi, fumbi la fodya likulowa m'maso ndi m'mphuno. Ndili pamwambapo ndinamva belu la kusukulu. Limamveka bwino kukakhala nkhungu. Ndinapitiriza kumasula. Misozi ndinkaipukuta ndi phewa kuti isagwere pa tsamba, poti madzi amadetsa fodya. Taonani, mpaka pamenepo ndinkasamala fodya wa bwana!

Dzuwa litaboola nkhungu a Nkhoma anati, "Basi, tsikani, wayamba kuuma." Ndinalumpha n'kuthamanga osasamba. Ndinafika anzanga akutuluka m'kalasi, akufunsana mayankho. Aphunzitsi athu, a Mbewe, anali pakhomo atakumbatira mapepala. Anayang'ana manja anga akuda ndi yunifomu yothimbirira.

"Agnesi, nawenso? Ndimayesa iwe ndiwe wosiyana. Atsikana inu mumayamba ndi moto mu Januwale, fodya akafika zii. Pita ukasankhe fodya, mayi, malo ako akhalapo ena."

Anatero akumwetulira, osati mwankhanza, koma ngati munthu amene waona chimene ankayembekezera. Zimenezo n'zimene zandiwawa koposa. Miyezi yonseyi ndabwera ndikusanza, ndabwera ndi njala, ndawerenga pa chiguduli singano ili m'manja, ndiye tsiku limodzi lokha andiike mtolo umodzi ndi osiya sukulu? Ndinafuna kuwauza zonse. Pakamwa panatseguka, koma chinatuluka n'chakuti, "Pepani, aphunzitsi." Pepani! Ndinapepesa chiyani?

Ndakwiya ndi a Nkhoma, amene ana awo ali ku sukulu yogonera komweko ndipo sadziwa fungo la chigafa. Ndakwiya ndi bwana amene sindinamuonepo nkhope, koma chimanga chake chimalamula nthawi imene ine ndidzuke. Ndakwiya ndi a Mbewe. Azakhali ndayesa kuwakwiyira koma zakanika, chifukwa madzulo ano andibweretsera mbatata yootcha, maso ali ofiira.

Koma ndaganiza, ndipo ndaona pamene panabooka. Rozina analengeza lonjezo lake koma sanaliyendere. Ine ndinaliyendera koma ndinalibisa, moti lero litafuna mboni panalibe ndi mmodzi yemwe. Azakhali ankadziwa kuti ndimapita kusukulu, sankadziwa kuti lero ndi tsiku lotani, poti sindinawauze. A Mbewe sankadziwa kuti ndimakhala pa esiteti. Kulonjeza pa Chaka Chatsopano n'kosavuta, kwaya ikuimba, aliyense atavala zatsopano. Lonjezo limayesedwa m'mawa wa nkhungu, munthu amene umamukonda atakugwira dzanja. Ndipo nkhungu idzabweranso, mwina pa tsiku la mayeso enieniwo. Ndikadzakhalanso chete, ndidzakweranso.

Ndawauza azakhali tsopano lino kuti lero kunali mayeso, ndipo ndikufuna sekondale. Iwo anati, "Bwanji sunkanena, mwana iwe? Tikadamanga makwerero dzulo, n'kukwera ine."

Mawa, kaya kuli nkhungu kaya kulibe, chitsulo chikalira ine sindipita kuchigafa. Ndipita kukagogoda ku ofesi ya ahedi, chinthu chimene sindinachitepo chiyambire. Ndikawauza kumene ndinali lero, ndipo ndikapempha pepala la masamu, ndilembe ndekha pamaso pawo, ngakhale pansi pa mtengo. Akakana ndikapemphanso, mokweza kuti amve.