Nambala ya Pakaphazi

Ku Mwazisi, mwana amene anabadwa m'zaka makumi awiri zapitazi osadutsa m'manja mwa Lois Msiska, ndiye kuti anabadwira panjira. Mayiyu si namwino ayi. Anamulemba ntchito yokolopa ndi kuchapa nsalu m'chipinda cha amayi oyembekezera, koma pachipatala pamene namwino ali mmodzi, wokolopa amaphunzira zambiri. Anthu amangomuitana kuti NyaMsiska, ndipo amamuopa pakamwa. Mayi wochedwa kusikelo amayamba kupepesa akadali pageti.

Zaka ziwiri zapitazo kunabwera anthu ofufuza za matenda a mtima amene ana amabadwa nawo. Anasiya buku ndi kachida kokhala ngati chopanira zovala pachingwe. Ukakapana pakaphazi ka khanda, kamaonetsa nambala ya mpweya wa m'magazi, ndipo nambalayo ikatsika kwambiri mwana amatumizidwa ku Mzuzu kuti akamuunike mtima. NyaMsiska anaikonda ntchitoyi kuposa namwino mwiniwake. Kachidako ankakapukuta m'mawa uliwonse, ndipo munthu wina akangokakhudza ankaona zakuda.

M'zaka ziwirizo anapeza ana asanu a nambala yotsika. Awiri anali ndi chibayo, anachira. Atatu anali a mtima. Ku Mzuzu anawaunika bwinobwino, n'kuwalemba pamndandanda wa odikira opaleshoni kunja kwa dziko. Maliro a onse atatu NyaMsiska anapitako. Tsiku lina anafunsa Diana, mtsikana wa kafukufukuyo, kuti nanga ana amenewa tikuwapezeranji ngati sitingawachize. Diana anayankha mwaulemu kuti akuluakulu sangagule zida za matenda amene sanawerengedwe. Zinali zomveka ndithu, koma NyaMsiska anabwerera kunyumba ali khuma.

Mu Juni chaka chino mkamwana wake Twambilile anabereka mwana wamkazi. Tsiku limenelo kachida kanali ku Rumphi, Diana atakatenga kuti akakayese ngati kakuwerenga bwino. Mwana analira, anayamwa, ndipo mawa lake anawatulutsa. Kunyumba analowa m'chikuta, poti mayi ndi khanda satuluka panja mpaka mchombo utagwa. NyaMsiska yemweyo, amene amakalipira anzake kuti amabisa ana mumdima, ndiye anakhomera chitenje pazenera poopa mphepo ya Juni, n'kumufunditsa mdzukulu wake mabulangete atatu.

Tsiku lachitatu Twambilile anadandaula.

"Amama, mwanayu akamayamwa akutuluka thukuta pamphumi, ndiye bere akusiya msanga chomene."

"Ndi mabulangetewo. Chotsanipo limodzi."

"Nanga milomoyi, sinade kwambiri?"

NyaMsiska anasuzumira mumdimamo. "Watengera agogo ake aamuna. Malemu aja anali akuda ngati makala. Inu mumafuna mwana woyera, mukanamutenga kuti?"

Anaseka onse awiri. Kuseka kumeneko kumamupweteka NyaMsiska mpaka lero.

Mchombo unagwa tsiku lachisanu ndi chiwiri. M'mawa mwake anatulutsa mwana pakhonde kuti amumete, achibale amuone. Dzuwa litangomuwomba kumaso, NyaMsiska anamuyang'anitsitsa. Milomo ija sinali yakuda ngati ya agogo ake. Inali yotuwa mobiriwira, lilime chimodzimodzi, tizikhadabo tomwe. Mtundu umenewo anali atauonapo katatu.

Kachida kanali katabwera dzulo lake. Sikaloledwa kuchoka pachipatala, koma iye anathamanga kukakatenga, nakabisa m'chitenje. Pobwerera anapeza amayi akululutirabe, ena akukangana kuti mphuno ndi ya ndani. Anagwada, nakapana pakaphazi. Nambala inati 76. Anati mwina kaphazi kazizira, anakafikisa m'manja mpaka katenthe, nayesanso. Inati 74. Ndipo anakaika pachala chake, akupempha chamumtima kuti kakhale koonongeka. Inati 98.

Nthungululu zinazilala zokha. NyaMsiska ankaidziwa njira yonse imene inali kutsogolo: matola mpaka ku Rumphi, kenako Mzuzu, dokotala wachifundo woloza kamtima pagalasi, mndandanda, ndi foni yosalira. Ankadziwanso kuti apitabe, chifukwa panalibe china choti munthu n'kuchita. Sankadziwa ngati masiku asanu ndi awiri aja akanasintha kanthu, ndipo panalibe woti n'kumutsimikizira kuti sakanasintha.

"Amama, nambala yatuluka bwino?" anafunsa Twambilile.

Pakamwa pamene Mwazisi yense amaopa panauma gwa. Anayesa kufunafuna mawu aja amene amauza amayi ena kuchipatala, oti musadandaule, akangomuunika basi, koma anakanika kutuluka.

"Longedzani chikwama, mkamwana. Tikupita ku Mzuzu."

Twambilile anayang'ana mwana, nayang'ana apongozi ake. Misozi inayamba kutsika, koma anagwada monga anaphunzirira kwawo, naomba m'manja pang'onopang'ono.

"Yewo, amama. Mwayi wathu ndi wakuti inu ndinu a kuchipatala. Mwazindikira msanga."

NyaMsiska analowa m'nyumba kukatenga matewera, ndipo m'chipinda muja munali mdima ngati kale. Chitenje chake chinali chikadali pazenera, pamisomali iwiri imene anakhoma yekha.