Tsiku Limene Ndinapempha Nkhondo

Dzulo pa salaula, msika wa zovala zakale, ku Nyimba ndinanyamula bulangete lotuwa, lokanda khungu. Fungo lake linandibwezela ku Msanzala, ndili kamtsikana.

Chaka cha njala chija, malole odzaza ufa, mafuta ndi mabulangete otele ankadutsa pamudzi pathu n'kutisiyila fumbi lokha. Ankapita kwa othawa nkhondo a ku Mozambiki, komwe kunkakhala mnzanga Jowana. Ndinafunsa amai chifukwa chake ife satipatsako.

"Ife tilibe nkhondo, mwanawe," anatelo.

Lamulungu lina Jowana ndi amake anabwela kudzationa, ndipo amai anandiuza kuti ndipemphelele chakudya, mango aawisi owilitsa. Ndinatsinzina mwamphamvu.

"Ambuye, nafenso tipatseniko nkhondo, ngakhale yaing'ono, kuti malole aziima."

Palibe anati ameni. Amai ananditsina khutu, koma amake Jowana anawagwila dzanja.

"Msiyeni mwana. Iwe, tenga nkhondo yangayi, ndi bulangete lomwe. Ungondibwezela atate ake a Jowana."

M'mawa mwake bulangete linabweladi, ine n'kuvina nalo pabwalo. Lelo ndili ndi imvi, koma sindinafundepo chinthu chodula ngati bulangete lija.