Kaseti ya Adadi M'galimoto ya a Mwanza

Ndikukumbukira paki ina ya ku Clondalkin, kuseri kwa nyumba imene tinkachita lendi titangotuluka kumalo kosungira anthu opempha chilolezo chokhala m'dziko lino la azungu. Udzu wake sunkauma. Chaka chonse unkanunkha matope ndi agalu, ndipo mphepo yake inkakulowa m'makutu ngati uli nayo mlandu. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, azibambo a ku Malawi ndi a ku Zambia ankakumana kumeneko kumenya mpira, ataunjika majekete pansi kuti akhale magolo. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Sikuti mpirawo ndinkaukonda ayi. Amayi ankagwira ntchito Lamulungu kunyumba yosamalira okalamba, ndiye panalibe wondisiyira.

Masiku ena onse bambo anga anali munthu wokolopa kubwalo la ndege. Ankakwera mabasi awiri popita, awiri pobwera, n'kufika kunyumba akununkha mankhwala otsukira zimbudzi, maso ali psuu. Koma Lamulungu kupaki kuja palibe ankawatchula dzina lawo lenileni la Mtalika. Akangotulukira pampanda, wina ankakuwa kuti, "Akatswiri afika!" Pomwepo mapewa awo ankakwera, ngakhale mayendedwe ankasintha. Kumudzi anasewera mu ligi yaikulu zaka zambiri, pakati pa bwalo, mpaka mawondo anawakana. Kupaki sankathamanga n'komwe. Ankangoima pakati, kamimba patsogolo, akuloza ndi chala. Mpira ukawafika ankaukankha kamodzi kokha, n'kukagwera paphazi la munthu amene mwiniwakeyo sankadziwa kuti ali poyera.

Mmodzi yekha ndiye sankavomereza dzinalo. Anali a Mwanza, nesi wa ku Zambia, bambo wamfupi wanthabwala amene ankakonda mkangano kuposa chakudya. Mpira ukatha, anthu akuvula nsapato, iwo ankayamba m'chiyankhulo chawo cha ku Zambia.

"Imwe a Mtalika, katswiri wazoona amankhala na chikho. Chikho chanu chili kuti? Mu national team munateyamo kangati?"

Bambo ankayankha mofatsa kuti anaitanidwapo kamodzi kokonzekera, kungoti sanasankhidwe. Amalawi anzathu ankalowererapo, amvekere munthu sangakhale mu ligi zaka zonsezo ali wamba. A Mwanza ankangoseka. "Kunkhalitsa si ukatswiri. Na bench ya mu church imankhalitsa."

Mkangano umenewu sunkatha, ndipo ndikuganiza kuti onse ankaukonda. Koma ine unkandisowetsa mtendere. Ndinali mwana wa sukulu za kuno, wozolowera kuti chilichonse choona chimapezeka pakompyuta. Tsiku lina kulaibulale ndinalemba dzina la bambo anga n'kufufuza. Sindinapeze kanthu, ngakhale kachithunzi. Sindinauze munthu, koma kukayika kunandilowa.

Umboni umene bambo anali nawo unali umodzi: kaseti. Malemu achimwene awo anajambula pawailesi chigawo chachiwiri cha masewero ena aakulu, ndipo bambo pochoka kumudzi anaiika m'thumba la jekete, ataikulunga m'sokosi. Inkakhala pamwamba pa wadirobu pamodzi ndi mapepala athu a boma. Vuto linali lakuti m'nyumba mwathu munalibe choimbira makaseti, ndipo m'nyumba za anzathu onse munalibenso. Chinapezeka malo amodzi okha, m'galimoto yakale ya a Mwanza omwewo.

Lamulungu lina bambo anapita nayo kaseti ija kupaki, ndipo mvula inathetsa mpira usanafike pena paliponse. Tinathawira m'galimotomo anthu asanu ndi mmodzi, bambo kutsogolo, ine nditapanikizidwa kukhomo lakumbuyo. Munkanunkha masokosi onyowa, makoko a malalanje ndi mankhwala oyabwa amene bambo ankapaka m'mawondo. Mawindo onse anachita nthunzi. Bambo anatulutsa kaseti ija m'sokosi ndi manja awiri ngati akutenga dzira, n'kuipereka kwa a Mwanza.

Poyamba inangoti shiii. Kenako kunamveka chinamtindi cha anthu, malikhweru, ng'oma, ndi mawu a woulutsa mpira akuthamanga ngati akupirikitsidwa. Chichewa changa nthawi imeneyo chinali cha kukhitchini: bwera, idya, kagone. Cha woulutsa uja sindinkachimva. Ndinkangotola mayina ndi mawu amodzi akuti chigoli. Ndiye ndinachita zimene aphunzitsi anatiphunzitsa pa masamu. Ndinayamba kujambula timizere ndi chala pa nthunzi ya pawindo, pamwamba timizere ta dzina la Mtalika likatchulidwa, pansi ta zigoli zimene Mtalika wamwetsa.

Mzere wapamwamba unatalika mpaka kumapeto kwa windo. Mtalika, Mtalika, Mtalikanso. Zigoli zinalowa ziwiri, ndipo zonse ziwiri woulutsa anakuwa dzina la munthu wina, Zuze. Pansi paja sindinajambule kalikonse.

Chimene sindinachione bwino panthawiyo ndi mmene azibambo aja analili. Onse anali zii. A Mwanza omwe, munthu wosadziwa kutseka pakamwa, anali atapendeketsa mutu, dzanja pachibwano. Bambo anali atatsinzina. Kaseti itafika kumapeto inati tcha, ndipo kunangomveka mvula ikumenya denga la galimoto. A Mwanza anakoka mpweya, n'kutembenukira kwa bambo. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti ankafuna kugonja. Koma ine ndinawayambirira, m'Chingerezi, ndi mawu okweza a mwana amene wapeza ansala anzake asanapeze.

"So you never scored, Dad? Not even one?"

Ndinalozanso pawindo kuti aone umboni wanga.

Chiseko chimene chinabuka sindidzachiiwala. A Mwanza anamenya chiwongolero mpaka hutala inalira. "Mwana wakamba! Sindine nakamba, ni mwana wanu!" Amalawi anzathu aja anayesa kudzigwira koma analephera. Bambo nawo anaseka, kakuseka kakafupi kapakhosi. Anatulutsa kaseti, kuibwezera m'sokosi, kenako anatambasula dzanja kumbuyo n'kufufuta timizere tanga tonse ndi mkono wa jekete. Ine ndinali wokondwa kuti ndaseketsa akuluakulu.

Lamulungu lotsatira atangotulukira pampanda, wina anakuwa kuti, "A Never Scored afika!" Panalibe wa mtima woipa. Anali macheza a azibambo otopa, ofuna choseka kamodzi pa sabata. Koma dzina latsopanolo linakakamira, lakale lija linafa. Bambo anapitako Malamulungu ena awiri. Lamulungu lachitatu anati mawondo akupweteka. Kenako anayamba kuvomera ntchito ya Lamulungu kubwalo la ndege, ine n'kumandisiya kwa mayi ena a kutchalitchi. Nsapato zawo za mpira zinakhala kunsi kwa masitepe mpaka zinachita nguwi.

Sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi, ndipo n'zimene zimandipweteka kwambiri. Akanandizazira bwenzi zitathera pomwepo. Amayi ndi amene anandiuza patapita miyezi, tikupinda zovala, osandiyang'ana n'komwe. Anati, "Iwe, bambo ako m'dziko lonse lino anali ndi malo amodzi okha amene sankagwira mopu." Ndinafunsa ngati ndikawapepese. Iwo anangoti madzi akatayika saoleka, n'kundipatsa malaya ena kuti ndipinde.

Lero ndine mayi wa mwana mmodzi, ndipo ndimagwira ntchito yomwe ija ya amayi, kunyumba yosamalira okalamba cha ku Blanchardstown. Ndikudziwa tsopano mmene miyendo imalemerera pokwera basi yachiwiri. Nthawi yopuma, anyamata awiri amene ndimagwira nawo ntchito amakonda kukangana za mpira wa ku America. Pali mkulu wina wosewera kumeneko amene ntchito yake ndi kuponyera anzake mpira, ndipo wakhala akusewera zaka zambiri. Wina amati ndi katswiri, wina amati wangokhalitsa basi. Aliyense amatulutsa foni n'kumawerenga manambala: waponya kangati, wapambana kangati, zikho ali nazo zingati. Ine ndimangomwa tiyi wanga. Ndikawaona ndimadziona ndekha ndili pawindo lija, ndipo ndimatopa.

Masiku ano palibe chimene chimatayika. Mwana wanga akangomenya mpira kusukulu, mafoni asanu amakhala atajambula. Za bambo anga zinatsala m'makutu mwa anthu amene ankamvera wailesi pansi pa mitengo, ambiri mwa iwo anapita. Mpira wa kupaki unatha kalekale. A Mwanza anabwerera kwawo, ena anasamukira m'matauni ena, wina tinamuika m'manda konkuno.

Chaka chatha ndinaitenga kaseti ija pamwamba pa wadirobu, n'kupita nayo kwa munthu wina amene anandisamutsira mawuwo mufoni. Lamulungu masana ine ndi mwana wanga tinapita nayo foniyo kwa bambo kuti akamve. Anasiya ntchito tsopano, amakhala pampando wa pawindo, miyendo atasanjika pa kastulu. Chichewa changa chinakula, ndiye ulendo uno ndinamva zimene woulutsa ankanena. Ankati Mtalika wauimitsa mpira, wayang'ana kumanzere, wawanamiza onse, waupititsa pakati pa anthu atatu. Ankati Zuze wangomalizitsa ntchito ya eni ake. Zonsezi zinali momwemo tsiku lija m'galimoto, wosamva ndinali ine.

Koma chimene chinandigwira mtima si mawuwo. Bambo anali atatsinzina monga kale, ndipo phazi lawo lamanja, lotupa, lili m'silipasi, linkagwedezeka pa kastulu paja. Linkakankha woulutsa asananene. Phazi linkayamba, kenako dzina n'kumatsatira. Patapita zaka zonsezi, linkakumbukirabe mpira uliwonse.

Mwana wanga, amene ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anamvetsera pang'ono n'kundikoka diresi. "Mam, did agogo score?"

Ndinaona phazi lija litaima. Mwa anthu onse amene anali m'galimoto muja, wotsala pafupi woti n'kuwatchula dzina lawo lija ndinali ine ndekha, yemwe ndinawalanda. Ndinamuyankha mwanayo m'Chichewa, mokweza kuti afike nawo mawuwo.

"Khala chete umvetsere. Akusewera Akatswiri."

Bambo sanatsegule maso. Koma mapewa awo anakwera pang'ono pampandopo, ndipo phazi lija linayambiranso.